Munda wa Pachithunzi

Lolemba, sabata yachiwiri ya Febuluwale

Kalata yafika. Wabweretsa kalaliki wa papulazi, ili ndi mafuta a galimoto pakona. Akuti yagona mulole ya bwana milungu itatu, pansi pa mpando. Ndaitsegula ana akuimba kuchulukitsa ndi 7.

Nkhani yake: a Insipekitala a masukulu akubwera Lachisanu. Lachisanu lomwe lino! Akudzaona ngati sukulu yathu ya papulazi ikuyenera kupatsidwa Sitandade 3.

Zaka zitatu ndikupempha kalasi imeneyi. Sukulu yathu imathera Sitandade 2, ndipo mwana akamaliza pamenepo njira ndi imodzi, ya kushedi ya fodya. Ku mishoni nkutali, palibe wa m'komboni muno angatumizeko mwana. Esinati, mwana wa a Zuze osonkha moto ku mabani oumitsira fodya, akubwereza Sitandade 2 kachiwiri, osati chifukwa cholephera ayi, koma chifukwa kutsogolo kulibe benchi. Mtsikanayu amawerenga Chingerezi kuposa kalaliki. Mu Januwale ndinachita kukagwadanso kwa bambo ake kuti akhalebe. Anati, "Ndamva, a Ticha. Koma a boma akakana, manje mwana apite kushedi. Kwathu ku Tete wamsinkhu uyu sakhalira kugwira sileti."

Kalatayo ikuti tionetse kuti tikutsata kabuku ka silabasi konse. Kabukuko ndakapeza pansi pa mwendo wa tebulo, pomwe kakhala kakuchirikiza maphunziro kuyambira chaka chatha. Ndakawerenga mpaka kumapeto. Aka nkoyamba, masiku onsewa ndinkathera pa masamu.

Zolinga zake, m'mawu anga:
1. Mwana awerenge, alembe, awerengere. Apa tili bwino.
2. Mwana akhale waukhondo. Sopo tilibe, mwala wokwechesera mapazi ulipo.
3. Mwana adziwe mayiko atatu a Chitaganya ndi malikulu ake. Akudziwa. Dzinali makolo awo amalitukwana tsiku ndi tsiku, silingaiwalike.
4. Mwana akonde ntchito ya manja, ndipo sukulu ikhale ndi munda wophunzirirapo ulimi wamakono.

Pa nambala 4 pali chithunzi. Mabedi owongoka ngati mizere ya m'kope. Bedi limodzi, mbewu imodzi. Kabichi payekha, matimati paokha, pa bedi lililonse kachikwangwani. Mwana wovala nsapato akuthirira ndi kheni, akumwetulira.

Ndatuluka kukaona munda wathu, kuseri kwa sukulu. Anadzala ana okha mu Novembala, monga amadzalira amayi awo: chimanga, nyemba zikukwera chimangacho, maungu akuyanga pansi, therere apa ndi apo, ndi chisoso chomera chokha chimene palibe analola kuti chizulidwe. Uli biriwiri, mbuzi italowamo simungaione. Koma sukufanana ndi chithunzi ngakhale pang'ono. A Insipekitala ataona izi adzati pano palibe mphunzitsi, pali mlamu wa foromani wongopatsidwa choko.

Pulani yanga:
Lero, kuzula zonse.
Lachiwiri, mabedi.
Lachitatu, kubwereka ndiwo zokula kale m'madimba a kudamu ndi kuziwokera.
Lachinayi, zikwangwani, kuthirira, mayankho.
Lachisanu, Sitandade 3.

Masana. Tazula. Poyamba ana angoima chilili, makasu m'manja, kundiyang'ana. Chimanga changobereka kumene, ndevu zikadali zofiira. Esinati akuti, "Aphunzitsi, patsala milungu iwiri kuti tiyambe kuotcha." Ndamuuza kuti boma silidya mondokwa. Phesi loyamba ndazula ndekha kuti aone kuti sindikuseka.

Amayi ochokera kufodya aima pamsewu. Mmodzi wagwira pakamwa: "Kuzula chimanga chili ndi mwana kumsana?" Silabasi sanaiwerengepo.

Mkazi wanga watola nkhwani dengu lonse. Sanalankhule kanthu, ndipo kusalankhula kwake ndimakudziwa.

Lachiwiri

Mabedi khumi ndi awiri. Chingwe ndabwereka cha kushedi, chomangira fodya. Zikhomo tasema. Ndayeza ndi rula ya pabolodi, ndipo ndinene mosadzitama, ngakhale msewu wa ku Halale sunawongoke chonchi.

Dzuwa lili phwee. Mvula yadula masiku asanu apitawa, kumwamba kuli mbee. Dzulo pansi pa masamba a maungu dothi linali lonyowa. Lero lauma gwa, khasu likudumpha.

Kuwerenga sitinawerenge. Masamu ayi. Kabuku kakufuna ulimi pang'ono pa sabata, ife tachita m'mawa wonse. Boma talipitirira.

Kabuku kakufunanso dzenje la manyowa. Takumba, tataya m'menemo mapesi onse a dzulo, masamba ndi tiana ta chimanga. Ng'ombe za bwana zamva fungo. Zabwera zisanu, zadya manyowa athu asanawole, zapondaponda mabedi atatu. Woweta akuti ng'ombe siidziwa chingwe. Zasiya ndowe, ndiye manyowa enieni tapeza. Mabedi atatuwo tayambiranso.

Madzulo ndazungulira komboni kupempha ndiwo, chipewa m'manja. Zotsatira:

Amayi a kwa foromani: repu mizere iwiri. "Mudzabweze ndi mizu yake, a Ticha."

A Zuze: matimati awo onse, ali ndi maluwa kale, ena ndi tizipatso. Amagulitsa pamsewu kuti apeze mchere ndi palafini. "Ngati ndi za mwanayu, tengani." Ndachita manyazi pang'ono, koma ndatenga.

A Jailosi, mkulu wosamala gadeni ya dona, mkazi wa bwana: kabichi. Akana katatu. "Dona amadziwa kabichi wake mutu ndi mutu, ngati ana obereka yekha." Koma dona ali ku Halale kukazulitsa dzino, abwera Loweruka masana. Tagwirizana kuti tikumbe Lachitatu, tibweze Loweruka m'mawa, mutu uliwonse m'dzenje lake. Ndalumbira.

Mlonda wa pageti: malangizo okhaokha.

Mkazi wanga watsegula pakamwa tsopano. "Anthu amabwereka khasu, abambo a Giresi. Munda sabwereka." Ndamuonetsa chithunzi. Wachiyang'ana nthawi yaitali nkufunsa ngati nsapato za mwanayo ndikabwerekenso kwa dona.

Ndiwo: nkhwani.

Lachitatu

Vuto. Foromani akufuna ana onse kufodya ikamakwana 10 koloko. Ino ndi nyengo yodula maluwa a fodya ndi kuthyola mphukira, ndipo akuti duwa silidikira Insipekitala. Ndatsala ndi maola atatu kuti ndisamutse madimba atatu.

Ndaganiza nzeru: mugwazo. Pano papulazi ntchito iliyonse ndi mugwazo. Amakuyezera gawo lako, ukamaliza wamasuka, kaya dzuwa likadali pansi. Ana athuwa anabadwira momwemo, anayamwa mugwazo kubere. Ndalengeza kuti mwana aliyense asamutse mitu khumi, womaliza akakhale pamthunzi mpaka belu la foromani.

Sindinaonepo ana akugwira ntchito chotere. Fumbi lokhalokha kuchokera kudamu mpaka kusukulu. Ngakhale aja amadwala m'mimba pa nthawi ya masamu akuthamanga ndi kabichi awiri m'khwapa. Pofika 9 koloko mabedi onse adzaza! Kabichi wamkulu ngati mutu wa foromani, m'mizere yowongoka. Repu ali ndii. Ndaima kabuku m'manja, diso pachithunzi, diso pamunda. Kusiyana ndi nsapato zokha. Mtima wanga wakhala m'malo, ndaimba ndi mluzu womwe.

Esinati yekha ndiye wachedwa. Akunyamula matimati a bambo ake limodzilimodzi m'beseni lakale, lililonse ndi dothi lake. Anzake agona pamthunzi, iye akadali panjira. Belu lamupeza atangomaliza, sanapume. Ndamudzudzula kuti chidodo chimenechi ku Sitandade 3 sichifunika.

Madzulo ndapita ndekha kukathirira. Kabichi mmodzi wapendekeka. Ndati ndimuwongole, wabwera yense m'manja mwanga. Mizu palibe. Phesi ladulidwa ndi mpeni, lasongoledwa bwinobwino ngati chikhomo. Ndayesa wachiwiri. Wachitatu. Bedi lonse. Repu chimodzimodzi.

Ana anaona kuti kukumba kuchedwetsa mugwazo. Adula, asongola, akhoma. Ine amene ndakhala pano zaka zisanu ndi ziwiri, amene ndaona ndi maso anga anthu akulu akumaliza mugwazo wopalira pongokwirira udzu ndi dothi, sindinaganize zimenezi. Ndakhala pansi m'kanjira ka pakati pa mabedi, kabichi pamiyendo.

A Jailosi andipeza pomwepo. "A Ticha, m'gadeni mwa dona mwatsala zitsa zokhazokha. Ndinangopita kukatsegula madzi. Zaka zonsezi sindinabepo ngakhale anyezi mmodzi." Ndawalonjeza kuti kwa dona ndikalankhula ndekha. Chingerezi chonenera nkhani yotere sindinachipeze.

Ndaganiza zodzangowauza a Insipekitala zoona: munda tinali nawo, ndinauzula ndi mantha. Ndaganiza choncho kwa mphindi ziwiri. Kenako ndakumbukira kuti kabichi amakhala pamsika masiku atatu osafota. Ndamubwezera m'dzenje lake, ndapondera dothi ndi chidendene.

Ndiwo: nkhwani, wotendera.

Lachinayi

Dzuwa lakwiya. Repu wagona chafufumimba. Masamba akunja a kabichi alendewera ngati makutu a galu wakuba.

Zimene tachita:
Mthunzi wa udzu, monga amachitira pa nazale ya fodya.
Kuthirira kanayi. Madzi akungodutsa, palibe womwa.
Repu tammangirira ku timitengo, tsinde ndi tsinde.
Kabichi tikumusenda masamba ofota. Ola lililonse akuchepa. Amene dzulo anali mutu wa foromani lero ndi chibakera.

Matimati a Esinati okha ndiwo aima, maluwa achikasu ali mbwee, ngati sanasamuke nkomwe. Ndaganiza kuti mawa a Insipekitala ndidzawayambitse kumeneko ndi kuwachedwetsa komweko ndi nkhani zambiri.

Zikwangwani alemba a Sitandade 2 pa timatabwa ta mabokosi. Dzina la mbewu alemba iwo. Mwezi wodzala ndalemba ine: Novembala. Dzanja silinanjenjemere, ndipo zimenezi zandidetsa nkhawa.

Ana a Sabu A, kalasi yoyambira, amangopiringizika m'miyendo, ndiye ndawapatsa ntchito. Ndati apite ku matimati akachotse chilichonse chosafunika, paoneke bwino ngati m'munda wa bwana. Ndimatanthauza udzu. Ine ndalowa m'kalasi ndi akuluakulu kukakonza mayankho.

Mayankho ake ndi awa. Munda uwu anadzala ndani? Ife. Liti? Mu Novembala. Esinati ndamuphunzitsa m'Chingerezi, popeza ndi amene adzalankhulire onse. Wafunsa, "Aphunzitsi, wa mu Novembala si uja tinazula?" Ndati malo ndi omwewo. Wangondiyang'ana. Ndiye ndamufunsa ngati akuifuna Sitandade 3 kapena ayi. Wabwereza kasanu osaphonya liwu. Malamulo Khumi ndinamuphunzitsa ndine, m'chipinda chomwechi.

Ndatuluka kukaona a Sabu A. Amaliza kale, aima pamzere, akuyembekeza kuyamikiridwa.

Duwa lililonse adula. Nsonga iliyonse adula. Mphukira zonse athyola, ndi tizipatso tomwe. Aunjika bwinobwino kumapeto kwa mzere monga amachitira kufodya. Udzu sanaukhudze. Kamtsikana kena ka mano ogweluka kandifotokozera mwaulemu: "Duwa limaba mphamvu ya tsamba, Aphunzitsi." Ndi mawu a foromani amenewo, amawamva masana aliwonse. Mkwapulo ndaunyamula nkuubwezanso. Anawa aphunzira bwino ndithu, kungoti kwa mphunzitsi wina.

Esinati wayang'ana matimati a bambo ake. Watenga kheni nkuwathirira choncho.

Mkazi wanga wasita jekete. "Mawa muvale, manyazi akapeze pobisala."

Ndiwo: nkhwani ndi matimati aawisi.

Lachisanu

Mbandakucha ndathirira kawiri. Ndi mame, kabichi wadzuka pang'ono, ukamuonera patali ndi diso limodzi. Ana asamba, mapazi akwecha. Chithunzi cha Mfumukazi tapukuta. Tebulo ikugwedezeka chifukwa kabuku kali pamwamba pake tsopano.

A Insipekitala afika 9 koloko pa njinga yamoto. Ndimayembekeza mzungu. Ndi munthu wakuda, Mshona, akuti kwawo nku Wedza. Tayi ili pakhosi, koma pogwirana chanza ndamva zikhatho za munthu wogwira khasu. Mtima wanga wagwa pomwepo. Mzungu kabichi amamudziwira m'mbale.

M'kalasi zayenda ngati maloto. Masamu, manja onse m'mwamba. Malikulu atatu a Chitaganya, ayankha ngati kwaya. Zikhadabo aona, m'makutu aona. Kenako atulutsa m'chikwama mwawo buku la Sitandade 3, limene pano palibe analionapo, atsegula pakati nkupatsa Esinati. Wawerenga tsamba lonse osapunthwa. Amufunsa tanthauzo, wafotokoza. Atembenuza tsamba lina, wawerenganso. Atsinzina akumvetsera, kenako alemba zambiri m'kope lawo. "Zvakanaka, mudzidzisi," atero, kuti zili bwino. Ine m'mutu ndayamba kale kuyeza pakona pomwe tidzaike benchi yatsopano.

Ndiye ati tikaone munda.

Aima nthawi yaitali. Akuti mwezi watha anadutsa msewu uno popita ku pulazi ina ya kuno ku Tengwe, anaona chimanga kuseri kwa sukulu, chotalika kufika kudenga. Chapita kuti? Ndati tinasintha, kutsata kabuku. Agwedeza mutu. Awerenga kachikwangwani. Aitana Esinati, amufunsa amene anadzala ndi mwezi wake.

Wayankha m'Chingerezi, mokweza, manja kumbuyo, ndendende monga ndinamuphunzitsira.

A Insipekitala awerama. Ndi zala ziwiri zokha anyamula kabichi. Amutembenuza, ayang'ana chikhomo chake. "Ko midzi iripi, mudzidzisi?" Akufunsa mizu. Ine ndasuzumira m'dzenje, ngati mwina yatsalira m'menemo. Anyamula wachiwiri. Wachitatu wagubuduka yekha mpaka pa tayala la njinga yawo. A Sabu A aseka, aona ngati ndi sewero.

Ndawakokera ku matimati. Agwedeza tsinde limodzi, lalimba. Ayang'ana pamwamba pake podulidwa. "Awa ali ndi mizu, mitu alibe. Awo ali ndi mitu, mizu alibe. Bwenzi mutangowaphatikiza." Palibe waseka, kupatula woweta ng'ombe amene amaonerera kumpanda.

Ana awabweza m'kalasi. Ife tatsala awiri. Alankhula motsitsa mawu, m'Chinyanja chimene akuti anachitola ali mwana pa mgodi.

"Munda uja ndikadalemba kuti ngosokonekera, ukonzedwe chaka chamawa, kalasi nkukupatsani. M'mapulazi monse ndimalemba choncho. Chithunzi icho palibe sukulu ili nacho. Koma apa mwandipatsa cholemba china, a Ticha. Ndipo mwanamizitsa mwana amene ndimafuna kumutchula dzina mu lipoti."

Ndapempha. Ndati wolakwa ndine, andilange ine, andichotse kumene, koma ana asawamane kalasi. Ati kalasi yatsopano amaipereka m'manja mwa mphunzitsi, ndipo wina woti abwere kuno kutchire alibe. Akuti pempho ndidzalembenso pakapita zaka ziwiri.

Zaka ziwiri. Esinati ali ndi zaka khumi ndi zinayi.

Tiyi amene mkazi wanga anakonza akana mwaulemu. Apita kukaonana ndi bwana, poti pamapepala mwini sukulu ndi iyeyo. Ndaima pamunda mpaka phokoso la njinga lazimirira. Jekete silinathandize.

Loweruka

Bwana wandiitana kuofesi. Ndimayembekeza kukalipiridwa. Akuseka mpaka misozi, waitana ndi kalaliki kuti amvenso. Akuti Sitandade 3 iye sanaione phindu lake chiyambire, anangosaina chifukwa ndinkamuvutitsa, ndipo kushedi manja akuchepa. Bwenzi atangondimenya mbama.

Dona wabwera, tsaya lotupa. Ndaima pakhomo la kukhitchini ndanena zonse. Chingerezi chake chapezeka, ndi chachifupi kwambiri. A Jailosi ntchito yawo yapulumuka. Chilango changa: Loweruka lililonse ndizikalima m'gadenimo pansi pa a Jailosi mpaka kabichi wina akule. A Jailosi andiuza kale kuti kwawo kulibe mugwazo.

Zina za lero:
Komboni yonse ikudya kabichi wa dona. Ena akundithokoza.
Amayi a kwa foromani atumiza uthenga kuti repu wawo akumufunabe ndi mizu yake.
Dzina ndapatsidwa: Ticha Mugwazo. Ndalimva kumpopi, ndalimva kusitolo, ndalimva m'nyumba mwanga momwe kwa Giresi, mwana wanga wobereka ndekha.
Mvula yagwa masana, yamphamvu. Mabedi khumi ndi awiri akokoloka, zikwangwani zayandama mpaka kumsewu. Ndi mvula imene chimanga chobereka chimalirira.

Ndadandaula kwa mkazi wanga kuti ndikadadziwa ndikadaphika therere. Wati, "Ndi therere lomwe munazula, abambo a Giresi."

Itakata mvula ndakumba matimati a a Zuze, ndi dothi lake, limodzilimodzi. Ndaika muwilibala, ndapita ku mabani. Ndawapeza akuponya chikuni m'ng'anjo, thukuta kamukamu. Ayang'ana mitengo yawo yodulidwa mitu. "Kawaikeni kudimba, a Ticha. Mwina aphukanso."

Sanakalipe. Ndikadakonda akadakalipa. Ndayamba kunena za zaka ziwiri, kuti ndizimuphunzitsa ndekha madzulo, kuti buku ndikalipeza. Andidula mofatsa. "Tinagwirizana, a Ticha. Ine mawu anga ndasunga zaka ziwiri. Akaweruka kushedi dzuwa limakhala litalowa, inu mukudziwa. Foromani ndamuuza kale. Lolemba ayamba."

Atsegula chitseko cha ng'anjo nkuponya chikuni china. Ndakankha wilibala yanga kupita kudamu.

Lamulungu

Mapemphero m'chipinda chomwechi cha sukulu. Nyimbo ndimayambitsa ndine. Lero mawu akana, yayambitsa mayi wina kumbuyo. Mlaliki sananene za ine, koma anthu amatembenuka kundiyang'ana pa vesi iliyonse.

Anthu atatuluka Esinati watsala. Wabweretsa sileti ndi buku lowerenga la sukulu, atakulunga m'pepala la nyuzi. Waika patebulo ndi manja awiri. Sileti waitsuka.

Ndimati ndimuuze mawu olimbikitsa, ndinawakonza m'mawa. Wayamba ndi iye.

"Aphunzitsi, ndinayankha molakwa pati? Ndakhala ndikubwereza kunyumba. Ndikuona ngati ndinanena monga munandiphunzitsira."

Ndamuuza kuti sanalakwitse paliponse. Ndati m'kalasi anawerenga kuposa mwana aliyense amene ndaphunzitsapo, ndipo kumunda kuja wolakwa ndine, ine ndekha, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Ndanena poyera, kawiri.

Wamwetulira pang'ono, maso pansi. "Ayi, Aphunzitsi, mukungondikomera mtima." Sakukhulupirira. Zaka zisanu ndamuphunzitsa kuti mphunzitsi salakwa, ndipo phunziro limenelinso analigwira bwino. Wagwada, wathokoza, wapita. Akuti akachape, belu la kushedi limalira m'mamawa.

Ndili ndi chisoni, ndipo manyazi a dzina lija ndi aang'ono poyerekeza ndi ichi. Dzina ndidzalizolowera.

Ndakonza phunziro la mawa. Sitandade 2, kuwerenga. Ndatsegula rejisitala kuti ndisankhe woyamba kuwerenga, ndatsika ndi chala mayina onse mpaka pansi. Ndiwerenga ndekha.